Chiwondo, Thonje ndi Chigamba: Mbiri ya Zovala m'Mapiri a Dedza

Mwezi wa June ukafika ku mapiri a Dedza, munthu safuna wina womuuza kuti chovala ndi chinthu chofunika. Mphepo ya mwera imatsika m'phiri la Dedza, limene nsonga yake ili pa mamita 2,198 kuchokera pa nyanja yamchere, nkhungu niphimba Bembeke, ndipo m'madambo udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Tsiku la msika, kaya pa Chimbiya, pa Linthipe kapena pa boma penipeni, anthu amaunjikana pamene wamalonda akumasula belo la kaunjika, aliyense kufuna kupeza juzi kapena jekete yoti imuteteze. Zovalazo zidasokedwa kutali, zidavalidwa ndi anthu ena kutali, ndipo zafika kuno zitayenda panyanja ndi pamtunda. Funso la nkhani ya lero ndi ili: kodi sitima, masitolo ndi mabelo zisanabwere, anthu a m'mapiri ozizira ameneŵa ankavala chiyani? Nanga m'nzeru zawo zakalezo mulibe kanthu kamene kangathandize dziko lino lero?

Funso limeneli si la anthu okonda zakale okha ayi. Masiku ano maiko olemera ali pa mtsutso waukulu pa nkhani ya zovala, chifukwa aona kuti kusoka zovala zambirimbiri zotchipa, zovalidwa kaŵiri kapena katatu n'kutayidwa, kukuwononga madzi, nthaka ndi miyoyo ya anthu ogwira ntchito m'mafakitale. Pofunafuna njira ina, ambiri atembenukira ku Japan, kumene alimi osauka akale adali ndi luso losunga nsalu imodzi kwa mibadwo ingapo. Chodabwitsa n'chakuti mbiri ya alimi amenewo ikufanana kwambiri ndi mbiri ya anthu a ku Dedza. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Japan anthu adafika pozindikira kuti luso la makolo awo ndi chuma, pamene kuno luso lofanana nalo likutha mwakachetechete pamodzi ndi nkhalamba zimene zikulikumbukira.

Anthu akhala m'mapiri a Dedza kwa zaka zikwizikwi. Umboni wake uli m'mapanga a ku Chongoni, kumene kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO lidaŵaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Zojambula zofiira ndi za Akafula, alenje amene Acheŵa adaŵapeza m'dziko muno, ndipo zoyera ndi za Acheŵa eni ake, zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Kumunsi kwa mapiri, pafupi ndi Mtakataka, kuli Mankhamba, likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Dr. Yusuf Juwayeyi, atakumba pamalopo adapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, zinthu zamkuwa ndi minyanga ya njovu. Koma nsalu siikhalitsa m'nthaka monga phale kapena mkanda. Chiswe ndi chinyontho zimaidya. Motero mbiri ya zovala imadziŵika makamaka kuchokera pakamwa pa akuluakulu ndi m'mabuku a alendo oyamba amene adadutsa m'dziko muno.

Chovala chachikulu cha anthu a kumapiri chidali chiwondo, chimene ena amachitcha nyanda kapena nkhwende. Imeneyi idali nsalu yosaomba, yochokera ku khungwa la mtengo. Antonio Gamitto, msilikali wa Chipwitikizi amene adadutsa m'dziko la Amaravi m'chaka cha 1831 pa ulendo wochokera ku Tete kupita kwa Mwata Kazembe, adaiona nsaluyi nalemba za iyo m'buku lake. Ntchito yopanga chiwondo idali ya amuna. Mwamuna ankaloŵa m'nkhalango ndi nkhwangwa, nasankha mtengo wa mombo kapena mchenga wosakalamba, woongoka ndi wopanda mfundo zambiri. Ankatema khungwa mozungulira kumwamba ndi kumunsi, nalitumbula kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenaka n'kulisenda lonse lathunthu. Nyengo yabwino idali pamene mitengo ili ndi madzi, pakuti khungwa louma limakakamira ndipo limang'ambika.

Atafika nalo kumudzi, ankapala makungwa okhakhala akunja n'kutsala ndi luzi lam'kati, limene ankaliviika m'madzi kuti lifeŵe. Tsono ankaliyala pa chipika chosalala n'kuyamba kulimenya ndi kachibonga kamtengo kokhala ndi mizere kumutu kwake. Ankamenya, kupinda, kumenyanso, kufinya ndi kukoka, kufikira khungwa lopapatiza lija litatambasuka kukhala nsalu yotakata. Mmisiri wosaleza mtima ankaboola nsalu; wodziŵa ankamva ndi khutu lomwe kuti pafika poleka. Akayanika, ankalumikiza zidutswa ndi luzi lopota, nadzoza mafuta a nsatsi kuti chiwondocho chisaume gwa. Wofuna chakuda ankachikwirira m'matope a kudambo. Chiwondo chidali chovala cha usana, chofunda cha usiku, thumba losungiramo mbewu, ndiponso nsanda yokulungira maliro. Chikatha ntchito chinkabwerera ku dothi osasiya chinyalala chilichonse.

Komabe si bwino kukometsera zakale mopitirira. Chiwondo sichinkachapika bwino, chinkalemera ndi kung'ambika chikanyowa ndi mvula, chinkabisa nsabwe, ndipo chinkatha patangopita miyezi yoŵerengeka. Kuwonjezera apo, mtengo wa mombo wosendedwa mozungulira umauma. Pamene anthu adali ochepa ndipo nkhalango idali yaikulu, zitsa zinkaphukanso, thengo nkudzibwezera lokha. Koma njira yomweyo ikadatsatidwa ndi anthu onse a lero, phiri la Chongoni likadayera m'zaka zochepa. Pambali pa chiwondo padalinso zikopa. Chikopa cha mbuzi chofufutidwa bwino chidali mbereko ya mwana, ndipo zikopa za agwape ndi nyama zina zinkavalidwa m'chiuno kapena kukolekedwa papheŵa nthaŵi yozizira.

Nsalu yeniyeni yoomba inkachokera ku thonje. Koma thonje limafuna dziko lotentha, ndipo pamwamba pa mapiri a Dedza silichita bwino. Malo ake ndi kumunsi, monga ku Golomoti, ku Mtakataka ndi m'chigwa cha Bwanje, makamakanso m'chigwa cha Shire ndi cha Zambezi. Kumeneko amuna ankachotsa nthanga pogubuduza kachitsulo pa thonje loikidwa pathabwa, nalipota pa kamtengo kozungulira kotchedwa njinga, dzina limene pambuyo pake lidapatsidwa kwa chokwera chamagudumu aŵiri chimene aliyense akuchidziŵa lero. Ulusi ukakwanira, ankakhoma zikhomo pansi, nautambasula, n'kuyamba kuomba atakhala pansi pomwepo. Idali ntchito yochedwa kwambiri. Kuchokera pa kutola thonje kufikira nsalu imodzi itatha pankapita masabata ambiri, ndipo n'chifukwa chake nsalu yotere idali ya mtengo wapatali kwa munthu wa kumapiri.

Nsalu yolimba imeneyi inkatchedwa machila. Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete adailemba m'makalata awo kuyambira zaka za m'ma 1500 ndi 1600, pakuti m'chigwa cha Zambezi inkayenda ngati ndalama, ndipo amalonda ankaifuna pogulira golide ndi zinthu zina. Chonyamulira anthu chija chimene atsamunda ankagonamo pa ulendo chidatenga dzina lake ku nsalu yomweyi. David Livingstone, pokwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, adapeza Amang'anja akulima mitundu iŵiri ya thonje: thonje manga, lochokera kunja, ndi thonje kaja, la m'dziko momwemo, la ulusi waufupi koma wolimba. Adaona anthu akupota ndi kuomba m'midzi yambiri, adaonanso chomera chopangira utoto wobiriŵira chikumera chokha m'thengo. Izi zikusonyeza kuti anthu a dziko lino sadaphunzire za nsalu kwa Azungu. Adali ndi mbewu yake, zipangizo zake ndi amisiri ake.

Popeza nsalu idali yosoŵa chotero, inkalemekezedwa. Inkaperekedwa ngati mtulo kwa mfumu, inkalipira milandu, ndipo nsalu yakuda inkaperekedwa ku kachisi popempha mvula. Nsalu ikang'ambika inkasokedwa. Ikathaitha, mbali yolimba inkasanduka chovala cha mwana, yotsalayo n'kukhala nkhata kapena chomangira. Palibe amene ankadziŵa mawu a masiku ano onena za kusamala chilengedwe, koma aliyense ankadziŵa thukuta limene lidaloŵa m'nsaluyo, chifukwa woomba wake adali munthu wodziŵika dzina ndi mudzi.

Zinthu zidayamba kusintha m'zaka za m'ma 1800. Angoni a kwa Maseko adakhazikika ku phiri la Domwe cha m'ma 1870, nabwera ndi ng'ombe zawo ndi mavalidwe a zikopa ndi nthenga amene amaoneka mpaka lero pa gule wa ngoma. Nkhondo zidachititsa anthu ambiri kuthaŵira m'mapiri ndi m'malinga, kumene kulima thonje ndi kuomba mofatsa kudali kovuta. Nthaŵi yomweyo amalonda a Chiyao ndi a Chiswahili ankabwera ndi nsalu za m'mafakitale kuchokera ku Kilwa ndi ku Zanzibar: merikani, yoyera, imene sitima za ku Salem m'dziko la America zidayamba kufikitsa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1830, ndi kaniki, yakuda mobiriŵira, yochokera ku India. Nsaluzi zidali zopepuka, zochapika ndi zokongola. Koma mtengo wake udali woopsa, pakuti chimene amalondawo ankafuna chidali minyanga ya njovu ndi akapolo. Mikwamba ya nsalu idagula anthu amoyo. Kumeneku ndiko kudali kuyamba kwa chovala chotchipa chimene mtengo wake weniweni ulipidwa ndi munthu wina wosaoneka.

Angelezi atalengeza ulamuliro wawo m'chaka cha 1891, ndipo atapha Inkosi Gomani yoyamba m'chaka cha 1896, chigawo chino chidaloŵa m'dongosolo latsopano. Msonkho wa nyumba, umene udali mashilingi atatu, udakakamiza amuna kukafuna ntchito ku minda ya Azungu ku Blantyre ndi ku Zomba, kenaka ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni. Poyamba malipiro enieniwo adali mikwamba ya nsalu. Tsono popeza osula chiwondo ndi oomba nsalu adali amuna, kuchoka kwawo kudachotsa manja amene ankasunga lusolo, ndipo anyamata adakula opanda woŵaphunzitsa. Masitolo a Mandala ndi a Amwenye adafika m'maboma ndi m'misika. Bungwe la British Cotton Growing Association, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1902, lidalimbikitsa ulimi wa thonje, koma cholinga chake chidali chakuti thonjelo lipite ku mafakitale a ku Lancashire. Mlimi adayamba kugulitsa thonje motchipa n'kuligulanso modula litasanduka nsalu.

Mipingo nayo idathandiza kusintha maganizo. Ku Nkhoma kuyambira 1896, ku Mua kuyambira 1902 ndi ku Bembeke kuyambira 1910, sukulu ndi tchalitchi zidabwera ndi mavalidwe ake. Malaya ndi kabudula zidakhala chizindikiro cha munthu wophunzira, ndipo chiwondo chidasanduka chizindikiro cha umphaŵi ndi umbuli. Amayi adayamba kuvala biriwita, kenaka chilundu ndi zitenje zamaluŵa. Pakhonde la sitolo padabwera mmisiri watsopano, telala ndi makina ake opalasa ndi mwendo. Komabe mtima wakale wosamala nsalu sudathe msanga. Anthu ambiri amene ali ndi imvi lero akukumbukira kabudula wa zigamba pamwamba pa zigamba, malaya osokedwa kuchokera ku thumba la ufa, ndi bulangete limene bambo adabwera nalo ku Joni, limene lidafunda ana onse a m'nyumba mmodzi ndi mmodzi.

Luso la chiwondo silidafe tsiku limodzi. Lidabisala m'mitu ya nkhalamba, nilimatuluka pa nthaŵi ya mavuto. Pa nkhondo yaikulu yachiŵiri, ya 1939 mpaka 1945, nsalu zidasoŵa m'masitolo, ndipo m'midzi yambiri ya chigawo chino cha Africa anthu adabwerera ku makungwa a mitengo. Zidachitikanso m'zaka za m'ma 1980. Nkhondo yapachiŵeniŵeni ya ku Mozambique itakula, makamaka kuyambira 1986, anthu zikwizikwi adaoloka malire kuloŵa ku Dedza, ku Ntcheu ndi m'maboma ena, ndipo pofika 1992 othaŵa nkhondo m'Malaŵi adaposa miliyoni imodzi. Ena mwa iwo, amene adakhala miyezi yambiri akubisala m'thengo, adafika atavala masaka ndi makungwa a mitengo. Chimene ophunzira ankachiseka ndicho chidabisa umaliseche wa anthu pamene sitolo, boma ndi ndalama zonse zidalephera.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, padali chiyembekezo chakuti thonje la Malaŵi liveka Amalaŵi. Fakitale ya David Whitehead and Sons idayamba kuomba nsalu ku Blantyre m'chaka cha 1967, nilemba ntchito anthu zikwi zingapo. Thonje la ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima linkapotedwa, kuombedwa ndi kudindidwa maluŵa m'dziko momwe muno, ndipo atelala adali ndi ntchito yosoka mayunifomu, madiresi ndi masuti. Koma malamulo a zamalonda atamasulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'zaka za m'ma 1990, zovala zogwiritsidwa kale ntchito ndi nsalu zotchipa zakunja zidasefukira m'misika. Fakitale ija idafooka, ndipo boma lidaigulitsa kwa amalonda m'chaka cha 2003.

Kunena zoona, kaunjika adathetsa usiŵa m'midzi yambiri. Mwana wa ku Bembeke amene kale ankanjenjemera popita ku sukulu lero ali ndi juzi, ndipo achinyamata ambiri amadya chifukwa cha malonda ameneŵa. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akatswiri amaŵerengera kuti kupanga sikipa imodzi ya thonje kumadya madzi okwana malita 2,700, ndiye kuti ndowa 135 za malita 20. Pa 24 April 2013 nyumba ya mafakitale osoka zovala yotchedwa Rana Plaza idagwa ku Bangladesh, nipha anthu 1,134. Pa msika wa Kantamanto mu mzinda wa Accra ku Ghana, gawo lalikulu la zovala za m'mabelo limathera kudzala ndi m'mphepete mwa nyanja chifukwa n'zosagulitsika. Zovala zambiri za lero n'zopangidwa ndi ulusi wa pulasitiki umene suola m'nthaka. Dziko la Rwanda litakweza msonkho wa kaunjika pofuna kuteteza mafakitale ake, America idalichotsera mwayi wogulitsa zovala kumeneko mopanda msonkho m'chaka cha 2018. Belo la pa Chimbiya ndi nsonga chabe ya chingwe chachitali.

Apa ndipo pamene mbiri ya Japan ikuloŵera. Kumpoto kwa chilumba chachikulu cha Honshu kuli chigawo cha Aomori, dziko la chisanu choopsa kumene thonje silimera, monga momwe silichitira bwino pamwamba pa Dedza. Alimi akumeneko ankaomba nsalu kuchokera ku luzi la chomera chotchedwa asa, nsalu yolimba koma yoloŵa mphepo. M'chaka cha 1724 olamulira a dera la Tsugaru adakhazikitsa lamulo loletsa alimi kuvala nsalu ya thonje. Pofuna kudziteteza ku chisanu, amayi adayamba kusoka ulusi mothinana pa nsalu ija kuti atseke timipata take, ndipo m'kupita kwa nthaŵi misoko yawo idasanduka maluŵa okongola otchedwa kogin. Kusoka kotere, kolumikiza nsalu ziŵiri kapena zitatu ndi timisoko tating'onoting'ono toyenda m'mizere, kumatchedwa sashiko.

Nthaŵi ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, zombo zamalonda zinkanyamula sanza za thonje kuchokera ku mizinda yofunda ya kumwera monga Osaka kupita nazo kumpoto. Ameneyu adali kaunjika wa nthaŵi imeneyo. Amayi ankagula tizidutswa timeneti, natichapa, natisoka pa zovala zakale, chigamba pamwamba pa chigamba, kufikira nsalu yoyamba ija itasoŵa pansi pa zigamba za agogo, za amayi ndi za mwana. Zovala zotere zimatchedwa boro, kutanthauza sanza. Zidutswa zosatheka kusokedwa ankazing'amba timizere n'kuziombanso kukhala nsalu yochindikala yotchedwa sakiori. Ngakhale chovala cha ulemu cha kimono chimasokedwa mosataya kanthu: chimachokera ku mpukutu umodzi wa nsalu wotalika pafupifupi mamita 12, wodulidwa zidutswa zisanu ndi zitatu zoongoka, kotero kuti chimatha kumasulidwa, kuchapidwa ndi kusokedwanso pa msinkhu wa munthu wina. Maganizo onseŵa Ajapani amaŵamanga m'liwu limodzi, mottainai, chisoni chimene munthu amamva poona chinthu chikutayidwa ntchito yake isanathe. Wangari Maathai wa ku Kenya, amene adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2004, adalikonda liwuli atapita ku Japan m'chaka cha 2005, nalifalitsa m'maiko ambiri.

Ajapani nawonso adali ndi nsalu za mitengo. Anthu a mtundu wa Ainu, pa chilumba cha Hokkaido, amaomba nsalu yotchedwa attus kuchokera ku luzi la khungwa la mtengo. Ku Okinawa, m'mudzi wa Kijoka, amaomba bashofu kuchokera ku ulusi wa thunthu la nthochi ya mtundu wapadera, imene imatenga zaka zitatu kuti ikhwime. Nkhondo ya 1945 idawononga Okinawa, ndipo luso limeneli lidatsala pang'ono kutha. Mayi wina, Taira Toshiko, amene adabadwa m'chaka cha 1921 namwalira m'chaka cha 2022, adasonkhanitsa amayi anzake, ambiri a iwo amasiye a nkhondo, nayambiranso kudzala nthochi ndi kuomba. Boma lidazindikira bashofu ya ku Kijoka ngati chuma cha dziko m'chaka cha 1974, ndipo m'chaka cha 2000 mayiyo adapatsidwa ulemu umene anthu amautcha chuma chamoyo cha dziko.

Chofunika kuchizindikira n'chakuti Ajapani nawonso adayamba achita manyazi. Dziko lawo litalemera, mabanja ambiri adatentha kapena kukwirira zovala za boro chifukwa zinkaŵakumbutsa umphaŵi. Padafunika anthu ena ouma mutu kuti zisathe zonse. Yanagi Soetsu adayamba kuphunzitsa m'zaka za m'ma 1920 kuti ziŵiya ndi nsalu za anthu wamba zili ndi kukongola kwake, natsegula nyumba yosungiramo zinthu zotere ku Tokyo m'chaka cha 1936. Tanaka Chuzaburo, amene adamwalira m'chaka cha 2013, adatha zaka zambiri akuyenda m'midzi ya Aomori kutola sanza zimene eni ake ankazibisa. Boma nalo lidakhazikitsa lamulo loteteza chuma cha chikhalidwe m'chaka cha 1950, ndipo kuyambira 1955 lidayamba kutchula amisiri odziŵa kopambana, ndipo pambuyo pake lidayambanso kuŵapatsa ndalama chaka ndi chaka kuti aphunzitse achinyamata. Nzeru ya lamuloli n'njakuti luso silikhala m'kabati ya galasi, limakhala m'manja mwa munthu.

Izi sizikutanthauza kuti ku Japan zonse zili bwino. Ajapani ambiri lero amavala zovala za m'mafakitale monga anthu ena onse, amisiri ambiri ndi okalamba, ndipo boro imene idabadwa mu usiŵa tsopano imagulidwa ndi anthu olemera pa mtengo wokwera. Choncho phunziro la Japan si lakuti anthu a ku Dedza ataye majuzi awo n'kubwerera ku chiwondo. Munthu amene sadagonepo ndi chisanu ndiye angalangize zotero. Phunziro lake n'lakuti mtundu wa anthu ungathe kusankha chimene usunge, chimene usinthe ndi chimene usiye, m'malo molola kuti zonse zikokoloke popanda wofunsa.

Vuto la kuuma kwa mitengo lili ndi yankho lake pafupi, ku Uganda. Abaganda amapanga chiwondo kuchokera ku mtengo wa mutuba, umene kuno umatchedwa kachere. Akasenda khungwa, amakulunga thunthu ndi masamba a nthochi kwa masiku angapo, ndipo khungwa limameranso, kotero kuti mtengo umodzi umakololedwa chaka ndi chaka kwa zaka makumi angapo. UNESCO idalemekeza luso limeneli m'chaka cha 2005, chaka chomwecho chimene idalemekeza gule wamkulu, ndipo lero chiwondo cha ku Uganda chimapangidwa zikwama, zipeŵa ndi zokongoletsera nyumba zogulitsidwa kunja. Kachere si mlendo ku Dedza. Amaima pa mabwalo a midzi yambiri, ndipo amamera mosavuta pongozika nthambi yake m'nthaka. Ndiponso ku Chongoni komweko kuli sukulu yaukachenjede ya za nkhalango, imene ingathe kuyesa njira imeneyi ndi kuiphunzitsa.

Pali zinthu zimene zingachitike popanda kudikira ndalama zambiri. Choyamba ndi kufunsa nkhalamba zimene zidaona chiwondo chikusulidwa, kujambula mawu awo ndi manja awo, ndi kulemba maina a mitengo ndi a zipangizo asanaiŵalike; paja safunsa adadya phula. Ku Mua kuli kale malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher adaŵayambitsa m'chaka cha 1976, ndipo aonetsa kuti luso la makolo lingathe kusungidwa ndi kudyetsa amisiri. Chachiŵiri ndi kubwezera ulemu kwa chigamba ndi kwa telala. Chovala chosokedwa bwino pong'ambika ndi umboni wa nyumba yosamala, ndipo zidutswa za zitenje zimene zimaseseredwa pansi pa makina zingathe kukhala zofunda, zikwama ndi zopondera. Chitenje chenichenicho n'chofanana ndi kimono pa nzeru yake: sichidulidwa, chimakwana aliyense, ndipo chimayamba ngati chovala, n'kukhala mbereko, duku, nsalu ya pazenera, pomaliza nkhata.

Chachitatu ndi thonje. Malinga ngati lituluka m'dziko lisanapotedwe, ntchito ndi phindu zidzakhala za ena. Japan si mlendo pa nkhani yotere, pakuti achinyamata ake odzipereka akhala akubwera ku Malaŵi kuyambira 1971, ndipo ndondomeko yoti mudzi uliwonse ukhale ndi chinthu chake chimodzi chodziŵika nacho, imene idayamba ku Oita m'chaka cha 1979, idakhazikitsidwa kuno m'chaka cha 2003. Dedza ndi yodziŵika kale ndi mbatata ya kachewere, mbiya zowotcha ndi zosemasema. Palibe choletsa kuti thonje la ku Golomoti, lopotedwa ndi kuombedwa ndi magulu a m'midzi, lodayidwa ndi makungwa, mizu ndi matope monga kale, likwerenso phiri monga linkachitira m'masiku a Kalonga. Nsalu yotere siingapikisane ndi belo pa mtengo, koma ingapikisane nalo pa kulimba ndi pa dzina.

Mbiri ya zovala m'mapiri a Dedza yayenda kuchokera ku chikopa kufika ku chiwondo, ku machila, ku merikani, ku chitenje cha ku Blantyre, mpaka ku belo la kaunjika. Pa sitepe iliyonse anthu adapeza chovala chofeŵa ndi chotchipa kuposa choyamba, ndipo pa sitepe iliyonse wopanga chovalacho adasunthira kutali, kufikira lero pamene wovala sadziŵa dzina, mudzi ngakhale dziko la amene adamusokera. Akale adati nsalu yobwereka siithetsa usiŵa. M'midzi ya kwa Kaphuka, kwa Kasumbu, kwa Kachere ndi kwa Kamenyagwaza mukadali nkhalamba zimene zingaloze mtengo woyenera ndi kusonyeza mmene kachibonga kaja kankagwiridwira. Mwezi wa June uno, pamene mabanja akuotha moto madzulo, mdzukulu amene afunse agogo ake za chiwondo adzakhala atayamba kale ntchito imene Ajapani adaichita mochedwa, koma nthaŵi isanathe.